Zala za a Chikopa

Ku Glasgow ndinapitako ngati katundu wa mkazi wanga. Sindikunena mowawidwa mtima, ndi mmene mapepala ankanenera. Esnart ndiye anapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo chilolezo changa chokhalira m'dzikomo anachimangirira pa chake. Ku Limbe ndinali ndi kashedi kuseri kwa msika komwe ndinkakonzerako mafiriji. Zipangizo ndinagulitsa, kashediko ndinasiyira mng'ono wanga. Mayi anatiperekeza mpaka ku Chileka koma sanalire. Anangondikoka kolala ya jekete n'kunena kuti, "Kumeneko uzikavala zokwanira. Usakachite manyazi kuphatikiza mathalauza."

Tinapeza nyumba ku Springburn, pamwamba pa shopu yochapira zovala. Makoma ake ankatuluka thukuta. Miyezi yoyambirira ndinkangokhala pawindo kuonerera mvula ya kumeneko, yosagunda, yosakata, yongowaza ngati munthu akuthirira nazale ya fodya. Esnart ankachoka ine ndili m'tulo, n'kubwera miyendo itatupa. Ndinaphunzira kumuphikira ndi kukhala chete.

Amene ananditulutsa m'nyumbamo ndi a Chikopa. Anali mkulu wa mpingo kutchalitchi komwe a Malawi tinkapemphera masana, eni dziko akamaliza mapemphero awo a m'mawa. Anali a ku Bvumbwe, aafupi, adazi, oseka ndi mapewa. Ku Glasgow anafika kalekale, ndipo tsiku lina tikudutsa ku Sighthill anandilozera m'mwamba mopanda kanthu.

"Ndinkagona umo, mmene mukudutsa mbalame umo," anatero. "Inali nyumba yosanja, anaigwetsa. Ndikamauza mwana wanga amaona ngati ndikuseka."

Tsiku loyamba kucheza anandifunsa kuti, "Kumudzi munkagwira yanji, mphwanga?"

"Mafiriji, akulu."

"Ndiye kuti gasi mukumudziwa."

"Wa m'firiji yekha."

"Wathu ndi msuweni wake. Bwerani Lolemba, akufuna munthu."

Fakitaleyo inali kunja kwa tauni, ulendo wa mabasi awiri. Sinatilembe yokha. Tinkalowa kudzera ku kampani ina yopereka anthu aganyu, ndipo tsiku limene sunapite silinkalipidwa. Ankapangamo tizipangizo tating'ono kwambiri ta m'mafoni ndi m'makina ena, todindidwa pa timbale tozungulira, topyapyala ngati chikhadabo. Fumbi ndiye linali mdani. Polowa tinkavala zoyera kuchokera kumutu mpaka kuphazi, kungotsala maso, ndipo magetsi a mkatimo anali achikasu. Tsiku loyamba nditaona anthu akuyenda mwakachetechete mu nsalu zoyerazo ndinakumbukira nsanda ya maliro.

Wotiyang'anira anali mayi wina wa komweko, dzina lake Moira. Analemba dzina la gasiyo pabolodi, okutafulorosaikulobyuteni, ndipo lilime langa linakana. Iye anaseka n'kunena kuti aliyense amangoti sifo. Anati ndi kaboni womangidwa ndi fulorini. Akakhala mu silinda ndi wofatsa: alibe fungo, alibe mtundu, sayaka moto. Koma m'makina muja amayamba apopa mpweya wonse, n'kulowetsa gasiyo pang'ono, kenako n'kumumenya ndi magetsi. Pamenepo amasweka. Pakawindo kakang'ono umaona kuwala kwa mtundu wa maluwa a jakaranda, ndipo fulorini womasukayo amadya kambale kaja paliponse pamene sanaphimbe, kukumba timizere toonda kwambiri moti poyerekeza nato tsitsi ndi chingwe. Ndinkakonda kusuzumira pakawindopo. Moto wopanda nkhuni, wopanda utsi, wosamveka kutentha.

Kuyendetsa makinawo inali ntchito ya mainjiniya. Yathu inali yotsuka. Makina akaima tinkawatsegula n'kuchotsa zitsulo ndi magalasi a mkati, zitamatirira nkhoko zofiirira zimene gasi uja amasiya. Tinkazinyamula kupita nazo kuchipinda chotsukira, komwe zina tinkaziviika mu asidi wa mtundu womwewo wa fulorini. Asidiyo ukamuona umangoti ndi madzi a pampopi.

Moira anationetsa zithunzi za manja a anthu amene asidiyo anawagwera, ndipo sanaseke. Anati asidi wina akakugwera umakuwa nthawi yomweyo n'kuthamangira kumadzi. Uyu ayi. Akakhala wosungunulidwa amalowa pakhungu osakupweteka, n'kutsika pansi kukafuna kashiamu wa m'mafupa, ndipo ululu umabwera ntchito yake atayamba kale. Aliyense anam'patsa kachubu ka mafuta opaka asidiyo akakugwera, kooneka ngati ka mankhwala otsukira mano, koti aziyenda nako ngakhale popita kunyumba. Magolovesi tinkavala ophatikiza, ndipo tisanavale tinkawakola mpweya n'kuwafinya kuti tione ngati sakuphwa.

A Chikopa ndi amene anandiphunzitsa kuima pa sinki: zigongono pansi, manja osakwezera m'mwamba, osakanda mphuno ngakhale ikuyabwa chotani. Mkatimo sitinkalankhula kwambiri, koma ankang'ung'udza nyimbo za m'buku kuseri kwa masiki, ine n'kumathira besi. Nthawi yopuma tinkakhala pakona ya kantini kugawana zimene tatenga. Ankatulutsa foni kundionetsa nyumba imene ankamanga ku Bvumbwe, ya malata ofiira, yokhala ndi khonde lozungulira. Oyang'anira ntchitoyo anali achemwali awo, mayi Elube. Inenso ndinkatumiza kangachepe ka mankhwala a mayi ndi sukulu ya ana a mng'ono wanga, koma chooneka ndi maso ndinalibe.

Ntchito imene a Chikopa ankaikonda sinali ya kufakitale. Anali telala. M'chipinda chochezera kwawo munali makina osokera, ndipo mayunifolomu a amayi a Mvano, malaya a zitenje a madokotala ndi a mabanki okhala ku Shawlands, zonse zinkadutsa m'manja mwawo. Ankakuyang'ana kamodzi n'kukuuza kuti phewa lako lakumanzere ndi lotsika. Akazi awo ankagwira ntchito yoyeretsa m'chipatala. Mwana wawo Tadala anabadwira komweko. Bambo ake akamufunsa m'Chichewa, iye ankayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow, chothamanga, choti ine ndinkangotolamo mawu amodziamodzi.

Zinachitika m'nyengo yozizira, pamene dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Makina aakulu anaima, katundu wa makasitomala akudikira, ndipo tsiku lonse tinali pa sinki. Titaweruka tinakwera basi, ndipo ndinaona a Chikopa atapanira dzanja lamanja m'khwapa.

"Kuzizira, akulu?"

"Ayi. Zalazi zikugunda ngati muli mtima wina."

Ndinawagwira dzanjalo n'kuliyang'ana pa magetsi a m'basi. Panalibe bala. Chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinangofiira pang'ono kunsonga.

"Simunamve kunyowa m'golovesi?"

"Thukuta basi. Tsiku lililonse timanyowa."

Kachubu kawo kanatsalira mu jekete ina. Ndinatulutsa kanga n'kuwapaka momwemo m'basimo, mayi wina wachizungu akutiyang'ana. Ndinati titsike, tikwere yopita kuchipatala. Anakana. Kunali ukwati Loweruka, wa mwana wa banja lina la ku Shawlands, ndipo madiresi a atsikana operekeza mkwati anali asanathe.

"Kuchipatala akandikhazika pabenchi mpaka mawa," anatero. "Mwandipaka kale. Anthu aja ndinawalonjeza."

Ndinawachonderera mpaka pa siteji yawo. Ndinaimbira akazi awo, koma anali pa shifiti, foni ili m'kabati. Anatsika, nandibayibitsa ndi dzanja lamanzere.

M'mawa kutacha Tadala anandiimbira. Sindinamve zonse, koma ndinamva dzina la chipatala ndi kulira kwake. Nditafika ndinapeza munthu amene sindinkamudziwa. A Chikopa, mkulu wa mpingo, ankagubuduka pabedi akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Zala zija zinali zitatuwa ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse, koma zolimba. Madokotala anazula zikhadabo kuti mankhwala afike pansi. Anawabaya m'zala, kenako analowetsa kashiamu kudzera mu mtsempha wa pamkono. Akazi awo anandiuza kuti anawapeza atagwada pafupi ndi makina osokera, dzanja lili mu ndowa ya madzi, diresi limodzi lili pansi pa singano.

Masiku anapita, zalazo zinayamba kuda. Dokotala anabwera n'kufotokoza pang'onopang'ono, Tadala atagwira phewa la bambo ake. A Chikopa Chingerezi ankachimva bwino, koma dokotalayo atatuluka anatembenukira kwa ine.

"Mphwanga, tandiuzeni m'chilankhulo chathu. Mwina zimveka mwina."

"Akuti adula, akulu. Chachikulu achepetsa, ziwirizi achotsa."

Anayang'ana kudenga. Kenako anati, "Mukawauze a ku Shawlands aja apeze telala wina. Nsalu zawo zili mu jumbo yabuluu."

Kufakitale anapeza golovesi lija. Linali ndi kabowo koti ulusi ungavutike kulowa, mwina kobooledwa ndi m'mphepete mwa chitsulo china. Kunabwera anthu ofufuza, kunachitika misonkhano, anasintha mtundu wa magolovesi. Moira anapita kukawaona kuchipatala ndipo anatuluka akupukuta maso. A Chikopa atachira anawapatsa ntchito yopepuka yolongedza makatoni, koma kontirakiti itatha kampani ya aganyu ija sinawaitanenso. Nkhani inapita kwa maloya, inakhalitsa, ndipo pamapeto pake anawapatsa chipukutamisozi chimene anamalizira nyumba ija.

Anayesa kusoka ndi dzanja lamanzere. Mizere inkakhota, ndipo anthu amene kale ankawadikira miyezi anayamba kuwapatsa moni wa patali. Lamulungu lina la mgonero ananyamula thireyi ya timakapu monga mwa masiku onse. Atafika pakati pa mabenchi inawapulumuka. Timakapu tinamwazika pansi, vinyo n'kuthimbiritsa kapeti ya eni tchalitchi. Palibe amene anawadzudzula. Amayi anathamanga ndi nsanza, abusa anapitiriza nyimbo. Koma kuchokera tsiku limenelo ankakhala benchi lakumbuyo, dzanja lili m'thumba.

Atanena zobwerera kumudzi, akazi awo anakana poyera, ine ndili pomwepo.

"Bambo a Tadala, ine ndikatani ku Bvumbwe? Mwanayu sukulu yake ili kuno, madokotala anu ali kuno. Mukufuna tonse tikakhale pakhonde tizikayang'ana msewu?"

"Kuno ndikuyang'ananso khoma," anayankha.

Anapita okha. Ndinawanyamulira masutikesi pabwalo la ndege. Makina osokera anawasiya.

Ine ndinatsala pa sinki. Anandipatsa mnzanga wina wa ku Poland, munthu wabwino koma wosaimba. Mantha anandilowa m'manja. Thukuta likangotsika m'golovesi ndinkasiya zonse n'kuthamangira kumpopi, n'kudzipaka mafuta aja mpaka khungu kusuwa. Kunyumba ndinkadzidzimuka n'kumafinya zala chimodzichimodzi kuti ndimve ngati zikugunda. Ine ndi Esnart tinkakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Tsiku lina masana Esnart anandikhazika pansi n'kundiuza kuti pali munthu wina, wa kuntchito kwawo, ndipo sakufuna kundinamiza. Akuluakulu a mpingo anayesa kutikhazika pamodzi koma mtima wake unali utapita. Banja litatha, chilolezo changa chinatheranso pomwepo.

Ndinafika kwathu ku Bangwe ndi sutikesi imodzi. Mayi anali atadwala sitiroko, ndipo ankanditchula dzina la malemu bambo anga. Pa kashedi kanga panali pataima kontena ya munthu wina, mng'ono wanga anati zinthu zinavuta. Ana ake, amene ndinkawalipirira sukulu, anandipatsa moni mwaulemu n'kumayang'ana kumbuyo kwanga ngati kukubwera katundu wina. Alamu anga, akazi a mng'ono wangayo, anandifunsa kamodzi kokha za Esnart, ndipo kuyambira pamenepo nkhani zinkatha ndikangolowa m'nyumba.

Nditakhazikika ndinakwera minibasi kupita ku Bvumbwe. Pamsika ndinafunsa wa kabaza wa njinga yamoto ngati akudziwa kwa a Chikopa, obwera kuchokera kunja.

"Madala opanda zala aja? Ndikakusiyani pa mjigo, kwinako mukayenda nokha."

"Bwanji, msewu ndi woipa?"

"Msewu uli bwino. Inu ndinu ndani wawo?"

M'njira anandiuza zonse, akukuwa kuti ndimve pamwamba pa phokoso la njinga. Anati madalawo anakakhwimira chuma kunja, anapereka zala kuti apeze nyumba ija. Anati n'chifukwa chake mkazi ndi mwana anawathawa. Ndipo atangofika kumene, mdzukulu wa achemwali awo anatentha thupi n'kumwalira. "Zala zinatha, ndiye ayamba kulipira ndi abale," anatero.

Nyumbayo inali yokongola kuposa pa foni. Udzu unali utamera mpaka pamasitepe. A Chikopa anatsegula chitseko ataonda, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. Anandikumbatira, ndipo mapewa awo ankagwedezeka. Titakhala pansi anandiuza kuti kutchalitchi benchi limene akhalapo limakhala lawo okha. Mtsikana amene ankawaphikira makolo ake anamuletsa. Pa maliro a mdzukulu uja anawabweza pa chipata cha manda.

"Mwabwera bwino, mphwanga. Inu munaliko. Tiyeni kwa achemwali mukawauze zimene munaona. Ine ndikanena amati ndikudziteteza."

Mayi Elube tinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Anandiyalira mkeka, koma achimwene awo anawasiya chiimire mpaka anadzikhalira okha pa njerwa. Ndinayamba kufotokoza bwinobwino. Ndinanena za fakitale, za chipinda chimene munthu wamba saloledwa kulowa, za zovala zoyera zobisa nkhope. Ndinanena za gasi wopanda fungo amene amasanduka moto wopanda nkhuni, ndi za madzi ooneka ngati akumwa amene amadya fupa munthu osamva kanthu mpaka mawa lake. Ndikulankhula choncho ndinkaona nkhope yawo ikuuma, ndipo ndinazindikira mmene mawu angawo ankamvekera pakhonde limenelo. Koma ndinalibe ena.

Nditamaliza anaika lichero pansi.

"Ndiye kuti inunso munkalowa m'chipinda chimenecho?"

"Eya, mayi. Tinkaima limodzi."

"Madziwo munkawagwira nonse?"

"Tonse."

Anayang'ana manja anga. "Nanga inu zala zanu zonse zilipo. Inu munapereka chiyani?"

Ndinati palibe chimene munthu ankapereka, inali ngozi ya pantchito ngati mmene munthu amadulidwira ndi makina a chigayo.

"Wa chigayo timamuona magazi, timamumva kukuwa," anatero. "Akazi anu ali kuti, bambo?"

Anatola lichero lawo n'kupitiriza kulankhula.

"Mwana wanga anaika mwana wake m'manda. Ine nyumba ija ndinaimanga ndi miyendo yangayi, kuthamangira simenti, kukangana ndi amisiri, osadziwa kuti ndikumanga chiyani. Pitani bwino."

Pobwerera tinadzera pa mjigo. Amayi amene ankatunga madzi anasiya kupopa kudikira kuti tidutse.

"Mwayesetsa, mphwanga," anatero a Chikopa.

Kunyumba anaika madzi a tiyi pa mbaula, ine ndinadula buledi. Tikumwa ndinaona dzanja lawo lamanzere, lija labwino. Zikhadabo zinali zitakula mpaka kupindika, zina zitathyoka m'mbali, zina zolumidwa ndi mano. Anaona kuti ndaona.

"Lamanjali siligwira chowengera," anatero. "Ndipo kuno ndani angandigwire dzanja?"

Chowengera zikhadabo chinali pawindo, chitachita dzimbiri pang'ono. Ndinakoka mpando, ndinaika dzanja lawo pa bondo langa n'kuyamba ndi chala chaching'ono. Zinali zolimba, zinkadumpha n'kugwera pa simenti. Iwo anatseka maso. Nditamaliza anagwada n'kuyamba kutola tizidutswato kamodzikamodzi, kutiika m'chikhatho changa.

"Mukataye m'chimbudzi," anatero. "Wina akaona tizidutswati pakhomo pano anena kuti ndi zizimba."

Ndinakataya. Mwezi uliwonse ndimakwera minibasi ya ku Bvumbwe, ndipo wa kabaza amandisiya pa mjigo.